Kodi botolo limayimbitsa bwino? Zimene mowa ndi mankhwala ozunguza bongo amachita kwa woyimba

Pa 29 July 1946, mu situdiyo ina ku Hollywood mumzinda wa Los Angeles, Charlie Parker anaima patsogolo pa maikolofoni, saxophone ili m'manja, koma miyendo ikukana. Anali ndi zaka 25 zokha, ndipo oyimba anzake ankamutenga kale ngati munthu amene wasinthiratu kayimbidwe ka jazz. Masiku amenewo munthu yemwe ankamugulitsa heroin anali atamangidwa, ndiye pofuna kuziziritsa chibaba, Parker anamwa whisky wambiri asanafike pantchito. Pojambula nyimbo ya "Lover Man", mwini kampani ya Dial Records, Ross Russell, anachita kumugwirira kuti asagwe. Usiku womwewo matiresi a m'chipinda chake ku hotela anayaka moto, apolisi anadzamutenga, ndipo anakakhala miyezi isanu ndi umodzi pachipatala cha odwala maganizo cha Camarillo.

Nyimboyo inatulutsidwa ndipo ilipo mpaka lero. Alipo amene amaikonda, amati ukaitchera khutu umamva munthu akulira kudzera m'lipenga. Mwiniwake sanaifune n'komwe. Sanamukhululukire Russell chifukwa choitulutsa, ndipo mu 1951 anaijambulanso.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa mkangano wonse uli momwemo. Pali chikhulupiriro chimene chimayenda pakati pa oyimba, kuchokera ku New York mpaka m'mabala a kwathu kuno momwe bandi imayimba Loweruka usiku, chakuti mowa, chamba ndi mankhwala ena zimatsekula mutu, nyimbo n'kumabwera zokha. Amene amanena zimenezi si onse amanama. Amamvadi chinachake m'thupi mwawo. Funso n'lakuti chimene amamvacho n'chiyani, ndipo kodi ife omvera timachimvanso?

M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, achinyamata ambiri oyimba jazz ankaona Parker akuchita zodabwitsa ndi lipenga, akudziwanso kuti amadzibaya heroin, ndiye anaphatikiza ziwirizo. Miles Davis, Sonny Rollins, Jackie McLean, Chet Baker ndi John Coltrane onse anakodwa. Fats Navarro, katswiri wa lipenga, anamwalira mu 1950 ali ndi zaka 26, chifuwa chachikulu ndi heroin zitathandizana kumufooketsa. Chimene anyamatawa sanachione ndi zaka zimene Parker anakhala akudzitsekera m'nyumba ku Kansas City. Iye mwini ananena poyankha mafunso pa wailesi kuti kwa zaka zitatu kapena zinayi ankayeserera maola 11 mpaka 15 pa tsiku, moti anthu oyandikana nawo nyumba anafika podandaula kwa mayi ake. Luso linachokera kumeneko. 

Kuti timvetse chifukwa chake woyimba amaona ngati mowa ukumuthandiza, tiyenera kulowa pang'ono m'mutu. Kuseri kwa chipumi kuli mbali ya ubongo imene tingaitche kapitawo. Ntchito yake ndi kuyang'anira zimene ukuchita, kukuuza kuti apa walakwitsa, apa anthu akuseka, mawu awa ndi achibwana, usawalembe. Kapitawo ameneyu ndi wofunika, koma akamalankhula kwambiri munthu sungapeke kalikonse, chifukwa ganizo lililonse limafa lisanatuluke. Mowa umalimbikitsa mankhwala a mu ubongo otchedwa GABA, amene amachedwetsa mauthenga m'mitsempha, ndipo mbali yoyamba kuwodzera ndi ya kapitawoyo. N'chifukwa chake timati mowa umachotsa manyazi. Munthu amene anali chete pakona amadzuka n'kukavina pakati pa bwalo.

Ofufuza anayesapo kuona ngati kuwodzera kwa kapitawoku kumathandizadi. Mu 2012, pa yunivesite ya Illinois ku Chicago, anatenga amuna 40. Theka anawamwetsa vodka mpaka kufika pafupi ndi malire amene lamulo la ku America limaletsa munthu kuyendetsa galimoto, theka linalo sanamwe. Kenako anawapatsa mwambi wa mawu: mawu atatu ooneka osagwirizana, iwe upeze lachinayi lowalumikiza. Omwa aja anapeza mayankho ambiri, ndiponso mwachangu. Kafukufuku wina wa ku Graz, m'dziko la Austria, mu 2017, anagwiritsa ntchito mowa wochepa kwambiri kuposa pamenepo ndipo anapeza zofanana pa mayeso a mawu omwewo, koma pa mayeso otulutsa maganizo ambiri atsopano mowa sunathandize chilichonse. Choncho kachoonadi kalipo, ndipo sindikufuna kukabisa. Mowa wochepa ungathandize munthu kulumikiza zinthu zimene ali bwinobwino sakanazilumikiza.

Koma kupeka nyimbo si kuyankha mwambi wa mawu anayi. Ndi ntchito ziwiri, ngati za mayi amene wachoka kumtondo. Kusinja ndi kwina, kupeta ndi kwina. Woyimba amatola mizere, mamvekedwe ndi mawu ambirimbiri, kenako amatenga lichero n'kuyamba kuchotsa gaga kuti patsale mphale. Ntchito yachiwiriyi ndi imene imatenga masabata, ndipo amaigwira ndi kapitawo yemwe uja. Mowa ungakuthandize pang'ono kudzaza mtondo, koma lichero umalithyola. Aliyense amene anakhalapo mu situdiyo usiku anthu akumwa amaidziwa nkhani yake: pofika 2 koloko m'bandakucha aliyense akuti nyimboyi igwedeza dziko, kutacha mukaimvetsera muli ndi matsire mumayang'anana, wina n'kunena kuti tiyambirenso.

Pali kafukufuku wina amene kwa ine ndi wofunika kuposa onsewa. Mu 2008, dokotala wa makutu Charles Limb ndi mnzake Allen Braun analowetsa akatswiri asanu ndi mmodzi a piyano ya jazz m'makina ojambula ubongo, n'kuwapatsa kapiyano kakang'ono kuti aziyimba atagona momwemo. Akamayimba zimene analoweza, ubongo unkagwira ntchito mwa nthawi zonse. Akayamba kupeka pomwepo, mbali ya kapitawo ija inkatsika yokha, ndipo mbali ina yokhudza kudzifotokoza kwa munthu inkadzuka. Anthuwa sanamwe kalikonse. Tanthauzo lake n'lakuti chimene woyimba amachifunafuna m'botolo, ubongo wophunzitsidwa bwino umachichita wokha, ndipo umachichita mosankha: umagoneka kapitawo koma zala, makutu ndi mbali yosunga nthawi zimatsala zili maso. Mowa sudziwa kusankha. Ukagoneka kapitawo umagonekanso ena onse.

Apa ndi pamene nkhani ya kuyimba pa siteji imasiyana ndi ya kupeka. Kumbuyo kwa mutu, chakumunsi, kuli kaubongo kotchedwa cerebellum, kamene kamalongosola kayendedwe ka thupi ndi kusunga nthawi. Ndi kamene kamachititsa woledzera kuyenda chadzandidzandi. Woyimba gitala amafuna chala chifike pamalo ake pa kamphindi kake, ndipo woyimba ng'oma ndiye msana wa bandi yonse. Akachedwa kapena kufulumira pang'ono chabe, ovina amamva m'chiuno ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika. Choopsa n'chakuti woyimbayo sazindikira, popeza mbali imene ikanamuuza ili m'tulo. Iye akumva kuti wayaka moto, pamene wa besi akumuyang'ana ndi diso lofiira.

Kwa woyimba ndi mawu, mavuto amawonjezekera. Mowa umachititsa munthu kukodza pafupipafupi, thupi limauma, ndipo timinofu ta m'kholingo timene timatulutsa mawu timafuna chinyezi kuti tigwedezeke bwino. Umabweretsanso chilungulira, asidi wa m'mimba n'kumakwera kukawotcha kummero. Umafooketsa kamvedwe, ndiye munthu amakuwa kuposa mmene akuganizira, ndipo popeza ululu sakuumva, amapitiriza kukakamiza mawu mpaka kusasa. Onjezani kuiwala mawu a nyimbo. Pa 18 June 2011, Amy Winehouse anakwera pa siteji ku Belgrade akudzandira, mawu a nyimbo zake zomwe akumuthawa, anthu n'kuyamba kumukuwiza. Ulendo wake wonse wa ku Ulaya unathera pomwepo. Patangotha mwezi umodzi, pa 23 July, anamupeza atamwalira kunyumba kwake ku London ali ndi zaka 27. Mowa umene unapezeka m'magazi mwake unali woposa kasanu malire a woyendetsa galimoto ku England.

Pali chinthu chinanso chimene sichikambidwa kawirikawiri, ndicho tulo. Zimene zala zaphunzira masana, ubongo umazikhazikitsa usiku munthu akugona. Mowa umagonetsa msanga koma umasokoneza tulo ta m'kati mwa usiku. Woyimba amene amayeserera masana n'kumwa usiku uliwonse amakhala ngati akutunga madzi ndi ndowa yobooka.

Nanga bwanji ambiri amamwabe asanakwere pa siteji? Yankho lalikulu ndi mantha, osati kufuna luso. Mtima umagunda, manja amatuluka thukuta, mawondo amanjenjemera, pakamwa pamauma. Zimenezi zimagwira ngakhale akatswiri amene ayimba zaka makumi awiri. Kafukufuku wa mu 1987 pakati pa oyimba oposa 2,000 a magulu akuluakulu a orchestra ku America anapeza kuti 27 mwa 100 alionse ankamwa mankhwala a mtima otchedwa beta blockers pofuna kuletsa kunjenjemera, ndipo ambiri mwa iwo ankawapeza popanda kalata ya dokotala. Amenewa ndi anthu ovala masuti, owerenga nyimbo papepala, osati a m'mabala. Mantha a pa siteji sasankha mtundu wa nyimbo.

Kabotolo kamodzi kamachotsadi manthawo, ndipo msampha uli pomwepo. Ubongo umaphunzira kuti ndinapulumuka chifukwa ndinamwa, osati chifukwa ndimadziwa ntchito yanga. Thupi limazolowera, kamodzi kaja sikakwaniranso, pafunika atatu. Pakapita zaka, kunjenjemera kwa manja kumene munthu akuthamangitsa ndi mowa kumakhala kuti kwabwera ndi mowa womwewo, chifukwa thupi likuufuna. Pofika apa munthu akanena kuti sangayimbe osamwa amakhala akunena zoona, koma si luso limene mowa ukumupatsa, ukungomubwezera pamene munthu wosamwa amayambira. Ndipo pano ndichenjeze, chifukwa ndi nkhani ya moyo: munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi payekha. Kusiya kotero kungabweretse kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu, ena amafa nako. Pafunika kupita kuchipatala kuti amuthandize kutsika pang'onopang'ono.

Tibwere ku chamba, chimene ena amachitcha fodya wamkulu, chifukwa kwathu kuno nkhani ya nyimbo ndi chamba imakambidwa kwambiri kuposa ya heroin. Mbiri yake m'nyimbo ndi yakale. Louis Armstrong anasuta pafupifupi moyo wake wonse wa uchikulire, anamangidwapo nacho ku California mu 1930, ndipo anayimba bwino mpaka kukalamba. Peter Tosh anatulutsa chimbale cha "Legalize It" mu 1976. Kwa a Rasta chamba ndi nkhani ya chipembedzo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina imene sindikuiweruza pano. Ndikufunsa za luso basi.

Ku Leiden, m'dziko la Netherlands, ofufuza anapatsa osuta ozolowera milingo iwiri ya THC, mankhwala amene amaledzeretsa m'chamba: ena mamiligalamu 5.5, ena 22, ena chinthu chopanda mphamvu. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2015, zinaonetsa kuti mlingo wochepa sunasinthe kanthu pa kutulutsa maganizo atsopano, ndipo mlingo waukulu unachepetsa. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2022 anapeza chinthu chimene chimafotokoza zambiri. Anthu amene anasuta sanatulutse maganizo abwino kuposa osasuta, malinga ndi oweruza amene sankadziwa kuti wasuta ndani. Koma osutawo, chifukwa cha chisangalalo, ankaona maganizo awo ndi a anzawo ngati apamwamba kwambiri. Chimene chinasintha si nyimbo, ndi khutu la mwini nyimbo.

Osuta amanena zoona akamati amamva nyimbo mwakuya, kuti nthawi imaoneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono ndipo chida chilichonse chimamveka pachokha. Kumvetsera kotero n'kokoma kwa iwo. Koma chamba chimafooketsa kukumbukira zinthu zongochitika kumene, ndipo woyimba pa siteji amadalira zimenezo: tili pa vesi yachingati, kolasi tabwereza kangati, mnzanga wangoyimba mzere wotani kuti ndimuyankhe. Palinso ngozi ya matenda a maganizo, makamaka kwa amene ayamba ali aang'ono. Kafukufuku wamkulu wa m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku Brazil, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti osuta tsiku lililonse anali pachiopsezo choposa katatu chodwala misala poyerekeza ndi amene sanasutepo, ndipo osuta chamba champhamvu kwambiri tsiku lililonse, pafupifupi kasanu. Ku Malawi lamulo la mu 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, koma kusuta kunatsala koletsedwa.

Mnyamata amene amakhulupirira kuti reggae siyimbika popanda utsi akumbukire Lucky Dube, amene nyimbo zake zinalira m'minibasi ndi m'mawailesi athu kwa zaka zambiri. Anali ndi tsitsi lopotana ngati wa Rasta aliyense, koma ankanena poyera kuti sasuta chamba, sasuta fodya, ndipo samwa mowa. Pa siteji ankatha maola akudumpha mawu osatsika.

Za LSD, mankhwala osokoneza zimene munthu amaona ndi kumva, ndidutsapo mwachangu. N'zoona kuti inasintha zimene magulu ngati The Beatles ankafuna kumva m'zaka za m'ma 1960, koma zimbale zawo anazimanga ndi maola ambirimbiri a ntchito mu situdiyo pamodzi ndi wowajambulira nyimbo, George Martin. Syd Barrett, amene anayambitsa nawo Pink Floyd ndipo ankaigwiritsa ntchito kwambiri, pofika 1968 sankathanso kuyimba ndi anzake, ndipo anamusiya.

Cocaine amagwira mosiyana ndi mowa. Amadzutsa, amachotsa tulo, amapatsa munthu mtima woti palibe wondiposa. Woyimba wotopa ndi maulendo amaona ngati wapeza mankhwala. Koma kudzidalira kopanda muyezo ndi mdani wa lichero lija, ndipo mphamvuyo ikatha munthu amagwa m'dzenje la kukhumudwa limene limamutumanso kukagula wina. Hugh Masekela, amene nyimbo yake ya "Grazing in the Grass" inafika pa nambala 1 ku America mu 1968, anakhala zaka pafupifupi makumi atatu ali m'manja mwa mowa ndi cocaine. Anazifotokoza yekha mosabisa, kuphatikizapo ndalama zochuluka zimene zinapita. Mu 1997 anapita kukalandira thandizo ku England, ndipo atabwerera kwawo anathandiza kukhazikitsa bungwe la MAAPSA lothandiza oyimba ndi aluso ena a ku South Africa amene ali m'vuto lomweli. Anayimbabe zaka zina makumi awiri mpaka anamwalira mu January 2018. Brenda Fassie, amene "Vulindlela" yake sinkasowa paukwati uliwonse kuno, sanapeze zaka zoterozo. Anamwalira pa 9 May 2004 ku Johannesburg ali ndi zaka 39, ndipo madokotala anapeza kuti cocaine ndi amene anayambitsa. Ndikaganiza za iye sindiganiza za nyimbo zimene mankhwala anamupatsa, ndimaganiza za zimene sitinazimve.

Umboni wamphamvu kwambiri kwa ine ndi wa John Coltrane. Mu April 1957 Miles Davis anamuchotsa m'gulu lake chifukwa ankafika kuntchito atasokonezeka ndi heroin ndi mowa, nthawi zina akuwodzera pa siteji. Coltrane anabwerera ku Philadelphia, anadzitsekera m'chipinda n'kupirira ululu wa kusiya. Chaka chomwecho anayamba kuyimba ndi Thelonious Monk ndipo anajambula "Blue Train". Mu 1959 anajambula "Giant Steps", mu December 1964 "A Love Supreme", ndipo pachikuto cha chimbale chimenechi analemba yekha za kudzuka kwauzimu kumene anakuona mu 1957. Pafupifupi zonse zimene dziko limamukumbukira nazo zinabwera atasiya heroin. Miles Davis nayenso anasiya heroin cha m'ma 1953 ndi 1954, atadzitsekera pafamu ya bambo ake ku Illinois, ndipo chimbale chake cha "Kind of Blue" chinabwera mu 1959.

Ena amafunsa kuti, ngati mankhwala sathandiza, bwanji oyimba otchuka ambiri amawagwiritsa ntchito? Choyamba, timangoona amene anatchuka. Mazanamazana amene anamwa chimodzimodzi n'kuthera kugulitsa gitala sitiwadziwa mayina. Chachiwiri, nthawi zambiri chilonda chimayamba, mankhwala n'kutsatira. Ofufuza a ku Liverpool anaunika miyoyo ya oyimba otchuka 1,489 ndipo mu 2012 anafalitsa kuti, mwa amene anamwalira, omwe anakula ndi nkhanza kapena mavuto aakulu paubwana ndi amene kawirikawiri anafa ndi mowa, mankhwala kapena khalidwe loika moyo pachiswe. Anapezanso kuti oyimba paokha ankafa msanga pafupifupi kawiri kuposa a m'magulu, mwina chifukwa m'gulu muli anzako okuona ukamaterereka. Ululu umene umamukankhira munthu ku nyimbo ndi womwewo umamukankhira ku botolo, ndipo ife tikaona ziwirizo zili pamodzi timaganiza kuti chimodzi chinabala chinzake. Ngakhale nthano yotchuka yakuti oyimba amafa pa zaka 27, chifukwa cha Jimi Hendrix, Janis Joplin, Jim Morrison, Kurt Cobain ndi Winehouse, inayesedwa mu 2011 pa oyimba 1,046 amene zimbale zawo zinafika pa nambala 1 ku Britain. Zaka 27 sizinapezeke kuti n'zapadera. Chimene chinapezeka n'chakuti m'zaka zonse za m'ma 20 ndi 30, oyimbawa ankafa kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa anthu wamba.

Chachitatu ndi malo a ntchito, ndipo ichi ndi chimene chimandikhudza kwambiri ndikaona anyamata athu. Mphunzitsi sagwira ntchito m'bala, namwino sapatsidwa kireti ngati gawo la malipiro. Woyimba ofesi yake ndi malo omwera mowa. Mwini malo nthawi zina amati ndalama zachepa, koma imwani pa bilu yanga. Wokonda nyimbo akasangalala amatumiza botolo ku siteji, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Shoo ikatha 3 koloko m'mawa thupi likadali lotentha, tulo sitibwera, ndiye pafunika chogonetsa. Mawa ulendo wa tauni ina. Munthu wa zaka 19 amene walowa m'moyo umenewu safunika kukhala wofooka kuti akodwe, amangofunika kukhalamo zaka zingapo popanda wamkulu womuuza kuti malipiro ake alandire ndalama, osati zakumwa.

Parker yemwe uja ankadziwa zonsezi, ndipo zinkamupweteka kuona achinyamata akumutsanzira. Mu 1949 anauza magazini ya Down Beat kuti woyimba aliyense wonena kuti amayimba bwino akasuta chamba, akadzibaya kapena akaledzera ndi wabodza basi, ndipo anawonjeza kuti iye akamwa kwambiri zala zake sizigwira bwino n'komwe. Kudziwako sikunamumasule. Ankapinyolitsa saxophone yake kuti apeze ndalama za heroin. Mu 1951 analandidwa chiphaso chomulola kuyimba m'malo ogulitsa mowa ku New York, ndipo pambuyo pake ngakhale kalabu ya Birdland, imene inatchedwa potengera dzina lake lodziwika la Bird, inamuletsa kuyimbamo. Anamwalira pa 12 March 1955 ku hotela, m'chipinda chimene ankakhalamo mnzake Pannonica de Koenigswarter, akuonera wailesi ya kanema. Dokotala amene anayeza mtembo wake, poona mmene thupi linathera, analemba kuti munthuyu ayenera kuti anali ndi zaka za pakati pa 50 ndi 60. Anali ndi zaka 34.